Basela la Magetsi

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga poopa milandu, pafupifupi denga lililonse linavala sola, ndipo nthambo zinalumikiza nyumba zonse kuti wotsala ndi magetsi azigulitsa kwa mnzake. Anthu anasankha Bambo Lufeyo Kamtedza kukhala Mkulu Wolemekezeka Woyanjanitsa Mitengo ya Mphamvu ya Dzuwa. Ntchito yawo inali kukhala pampando wa ndalema masana aliwonse n'kulengeza mtengo umene ogula ndi ogulitsa agwirizana. Udindowu ankaukonda zedi, koma lamulo linkati tsiku limene wogula adzasowe, msika udzatsekedwa, udindo n'kuthera pomwepo.

Tsoka lake, dzuwa silikondera. Masana aliyense anali ndi magetsi osefukira, ndipo wogula m'mudzi monse anali mmodzi yekha: Mayi Nachisale, ophika zitumbuwa, amene dzana lomweli anthu ankawaseka kuti denga lawo lili mbulanda.

Mtengo unatsika, unatsikabe, mpaka unafika pa ulele. Mayiwo anangoti akaganize kaye. Apa m'pamene ogulitsa anakumbukira mwambo wa kumsika, wakuti wogula amamuikira basela. Wina anati akagula magetsi ake awonjezerapo mazira. Wina anabwera atakwapatira nkhuku. Mphunzitsi wamkulu anayamba kuwatungira madzi, tayi ili m'khosi. Bambo Kamtedza, poopa kuti wogula angadwale mutu, anawagulira ambulera, kenaka analengeza mosaseka kuti mtengo wa tsikulo ndi mbuzi imodzi, wopereka wake ndi wogulitsa. Anthu anaomba m'manja mpaka nthungululu, poti walira mvula walira matope. Kunena zoona, zinali zokoma kuonerera.

Patatha miyezi itatu, khola la Mayi Nachisale linadzaza, ndipo Lachiwiri lina anthu anawaona akukusa mbuzi zonse kupita kumsika. M'mawa mwake Bambo Kamtedza anapita kukawadzutsa monga mwa nthawi zonse, ndipo anapeza amisiri ali padenga, akukhoma sola yaikulu kuposa ina iliyonse m'mudzimo. Anatembenukira kwa mayiwo.

"Mayi, mwatitani? Nanga tizigulitsa kwa yani?"

Mayiwo anawayalira mkeka mwaulemu wonse.

"Musadandaule, bambo. Poti ntchito yakutherani, tsitsani sola yanu muzigula kwa ife. Mumakonda mazira kapena nkhuku?"