Makomo Awiri a Laputopu ya Mutinta

Lolemba, 14 Okutobala

Kutentha. Magetsi kulibe kuno ku Malota kuyambira mbandakucha.

Loweruka lino akubwera a kwa Lubasi, mnyamata amene akufuna mwana wanga Mutinta. Abwera ndi mbale zawo zovundikira. Mwambo umati mtsikana aitanidwe pamaso pa akulu, afunsidwe ngati alendowo akuwadziwa. Akavomera, mbale zivundukulidwa. Akakhala chete, alendo anyamula zawo.

Koma Mutinta ali kutsidya kwa nyanja, akusamalira nkhalamba za eni. Tchuthi anamukaniza. Adzayankha pa vidiyo, pa laputopu imene anatisiyira. Ntchito yanga sabata ino ndi imodzi: nkhope ya mwana wanga ioneke, mawu ake amveke.

Zimene ndili nazo:
- Laputopu. Ukaiyatsa imafunsa khomo lolowera, la pamwamba kapena la pansi. Makina amodzi, nyumba ziwiri. Mutinta ndiye anaikonza choncho ali pa kozi.
- Rauta, kabokosi kogawa wayifayi, kokhala ndi batire lake. Kamakhala pa windo la kuchipinda, pamwamba pa thiranki yachitsulo ya amake Mutinta.
- Tsamba loyezera liwiro, la singano ngati ya galimoto. Akuti singano ikapitirira 5, vidiyo iyenda.

M'mawa, khomo la pamwamba: 19. Masana, la pansi: 1.

Wani!

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndinakalambira ku njanji ndikulemba manambala a mabogi. Palibe bogi inandisowapo. Ichi sichingandigonjetse.

M'mawa, pamwamba: 18. Amake Mutinta akumanga mitolo ya ndiwo za repu, akukhoma zokhoma zawo, kiyi m'khosi, ulendo wa kumsika. Chibereni akuba wailesi yathu pa windo ndi waya wokhota, mayiyu amakhoma chilichonse, ndi shuga yemwe.

Masana, pansi: 1.

Zaoneka. Khomo la pansi ndilo lodwala. Loweruka ndilowera pamwamba, basi. Ndikugona mtima uli m'malo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Lero ndikusinthanitsa, kungofuna kutsimikiza. M'mawa, pansi: 20. Masana, pamwamba: 1.

Kalanga ine! Nanga wodwala ndani?

Mwina ndi dzuwa. Ndipo alendo abwera masana! Zimene ndikuyesa:
- kuika laputopu pa chisaka chonyowa
- kutsegula zitseko zonse
- kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa
- kukwera nayo pa mpando, manja m'mwamba
- kuilankhula mofatsa

Palibe. Kenaka amake Mutinta akulowa msanga, akuti njovu zaima pamsewu ndipo ogula athawa. Ndikuyezanso, dzuwa likadali pamutu: 17. Sindinagwire kanthu! Ndiye si dzuwanso.

Ba Hamoonga, neba wanga woyendetsa takisi ku eyapoti, akusuzumira pa mpanda. Iwowa ndiwo adzatilankhulire Loweruka. "Ba neba, icho ni chipali. Bakazi babili mu nyumba imozi bazalimbana chabe. Pitikisani umozi."

Ndikuseka mwaulemu. Koma mawuwo andikhala.

Lachinayi, 17 Okutobala

Amake Mutinta atuluka m'mamawa kupita kwa amayi a mpingo. Pamwamba: 1. Pansi: 1. M'mawa weniweni!

Ndikukulunga laputopu m'thaulo, ulendo wa m'tauni, kwa wokonza mafoni. Kumeneko, pa wayifayi yawo, makomo onse akuuluka. Ngati mwana amene amachira akangoona geti la chipatala. "Mudala, mashini ilibe mulandu," akutero wokonzayo, osandiyang'ana n'komwe.

Chinanso. Ndikachokera khomo la pansi n'kulowa la pamwamba, wotchi ya pamwamba imabwerera m'mbuyo maola awiri. Zina ndingapirire, koma kunama nthawi? Ku njanji zotere zinkagundanitsa sitima. Wa pansiyu akuchita nsanje. Ba Hamoonga ananena.

Madzulo tikuyesa kumuimbira Mutinta, ine ndi amake tili pa mpando umodzi. Mutinta akuoneka bwinobwino, ndi kachipsera ka pachipumi komwe. Waonda. "Adadi, Saturday banipasa chabe ka break kang'ono pa 13. Napapata, visalakwike. Ba malume bake Lubasi ni bovuta."

Ndikumulonjeza. Amake akupukuta maso ndi chitenje.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndapitikitsa wa pansi.

Wokonza uja akufunsa, "Muli shuwa? Muli vintu mukati." Ndikuti fufutani. Akufufuta. Ndili m'minibasi ndipo ndikukumbukira: zithunzi zonse za tsiku limene Mutinta anamaliza kozi zinali m'khomo lomwelo. Gauni, chipewa, amake akuvina. Zapita. Sindinauze munthu.

Koma taonani. Amake Mutinta ali pakhomo tsiku lonse, akusesa, akusefa chibwantu chakumwa alendo, akunyonyola nkhuku. Ine ndili pa singano. M'mawa 19. Masana 20. Madzulo 18. Wotchi ikunena zoona.

Zithunzi ndi nsembe. Ndapita kukathokoza ba Hamoonga. "Nenze nakuuzani, ba neba. Nyumba ni mukazi umozi."

Loweruka, 19 Okutobala

M'mawa: 21. Sindikuyezanso, kuopa kuitopetsa.

Nyumba yadzaza. Azimayi akulowa ndi kutuluka kuchipinda, kusintha zitenje. Ana paliponse. Laputopu ili pa situlu, pa nsalu yoluka. Alendo afika, atsogoleredwa ndi ba Mubita, malume a Lubasi, munthu wa jekete ngakhale kukutentha chonchi. Mbale zili pansi, zomangidwa m'nsalu yoyera.

13 koloko. Mutinta watulukira, wavala duku, wagwada m'kachipinda ka kuntchito kwake. Ba Hamoonga akutsokomola. "Mutinta, aba bantu ubaziba?"

Chithunzi chaima.

Chikanaimira pabwino! Chaima diso limodzi lili lotseka, mlomo utapindikira pansi, nkhope itayang'ana kumbali, ngati munthu wanunkhidwa nsomba yowola. Kampira koyera kakuzungulira pamphuno pake.

Akufunsanso. Zii.

"Ni manyazi chabe," akutero ba Hamoonga. "Bana ba ulemu ni so."

Ndikugwada pa situlu. Singano: palibe ngakhale wani. Ndikuzimitsa, ndikuyatsa. Dzanja likufuna khomo la pansi. Kulibe khomo la pansi. Thukuta likudontha pa mabatani. Nkhope yabweranso, yomwe ija, yaimanso.

Mayi wina wa alendo akutulutsa foni yake kuti amuimbire. Ba Mubita akukweza chala. "Bwezani mu chola. Mwana atulusiwa na bene nyumba, osati na balendo."

Tikudikira. Ntchentche ikuyenda pa nsalu yoyera ija. Kenaka galasi la laputopu lada. Nthawi ya Mutinta yatha.

Ba Mubita akunyamula mbale, osamasula mfundo. "Sitinamvele mau. Koma nkhope tayiona."

Sanadye. Nkhuku zadyedwa ndi maneba, mwakachetechete, ngati pamaliro.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndikufuna tayi ya kutchalitchi. Ndikupempha kiyi. Ndikutsegula thiranki yachitsulo.

Rauta ili m'menemo. Pansi pa bulangeti, pakati pa shuga ndi mbale zathu zosungira alendo. Batire lathera momwemo.

Ndikuwaitana amake Mutinta, osakweza mawu. Sakuona cholakwa. "Nanga niisiye pa windo, bantu mbwee mu chipinda? Nimaikomela lyonse nikachoka. Nikabwela naibweza. Simunaone kuti siinabewepo?"

Zoona. Sinabedwepo.

Ndakhala pa bedi, ndikuwerenganso masamba a sabata yonse. Manambala onse ndi olondola. Lililonse lili pa tsiku lake, pa khomo lake. Ndinalembanso za kiyi wa m'khosi, ndi dzanja langa lomwe. Mabogi onse ndinawalemba, koma sindinayang'ane amene akusintha njanji.

Za zithunzi ndawauza. Atuluka panja. Kutchalitchi apita okha.

Ba Hamoonga akuti a kwa Lubasi anena kuti aganizapo mvula ikagwa. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Magetsi abwera masana. Rauta ili pa windo, yadzaza. Laputopu sikufunsanso khomo, ikungolowa. Singano: 22. Sinafikepo pamenepo.

Ndikuimbira Mutinta. Ikulira bwino kwambiri, mosadukiza.

Sakuyankha.