Sabata Imene Dothi la ku Chiosya Linachira

Lolemba

Kafika! Bwana wa zaulimi ku boma andipatsa pH mita, kamakina koyezera ngati dothi likuwawasa. Kutalika ngati chitsononkho, kunsonga kuli kagalasi. Ine mlangizi wa miyezi itatu yokha, lero ndikuyenda ndi sayansi m'thumba la shati.

Loweruka kuli chionetsero, bwana abwera okha. Dothi likaonetsa nambala yochepera 5, lole ya laimu, ufa wochiritsa dothi lowawasa, ibwera ku Chiosya. Kupanda apo, laimu apita kwina. Ndalonjeza kale a Nachisale, mayi wamasiye amene chimanga chake chimalekeza m'mawondo chaka ndi chaka: "Laimu wanu ali m'njira, mayi."

M'bokosi muli kamita, botolo la madzi ofiira lolembedwa 4, la madzi achikasu lolembedwa 7, ndi pepala la Chingerezi, zilembo ngati nyerere. Ndiwerenga mawa.

Lachiwiri

Uve wa anthu a ku Lilongwe! Ndikuvundukula, kagalasi kali chinyezi chokhachokha, m'mbali mwayera ngati mchere. Katundu wa boma kumusunga chonchi? Ndapukuta ndi hanki mpaka mbee, ndayanika pathandala kuti dzuwa ligwire ntchito yake. Tsopano kali m'sutikesi pamodzi ndi suti ya ukwati. Pepala mawa.

Lachitatu

Ndawerenga pepala. Mayo ine!

1. Kagalasi kasaume.
2. Osapukuta.
3. Osaika padzuwa.

Wolembayo ayenera kuti dzulo anali kuseri kwa nkhokwe akundisuzumira.

Akuti kamita kamafuna kuchuna. M'madzi achikasu kanene 7, m'ofiira kanene 4, kakanama upotoze kasikuruwu ka kumbuyo. Ndikuthamangira mabotolo. Latsala limodzi, madzi ake mtundu wa papaya. Mayi a kunyumba akuti: "Onse anali theka, ndaphatikiza. Linalo ndathiramo palafini." Ndikayankha tikathera kwa ankhoswe.

Lachinayi

Njinga mpaka ku boma, fumbi mpaka m'mano. Ku ofesi sindikulowako, ndikanena kuti chiyani? Che Yusufu a pasitolo akugwedeza botolo langa: "Izi ayi, bwana mlangizi. Madzi a batire alipo. Kapena mukayese ku Chipata." Ku Chipata pa chilolezo cha ndani?

Kunyumba ndikuyesa zangazanga. Madzi a mandimu: 6. Chidulo cha therere: 3, kenako 9. Thobwa: 11. Kapenga ndithu. Ndakaviika m'madzi a papaya aja, kaone chochita.

Lachisanu

Katsitsimuka! Dothi la a Nachisale ndasungunula m'madzi a batire: 4.5, katatu konse. Mtima pansi.

Masana afika a tcheyamani a nthambi ya chipani, dothi lawo m'kapepala ka shuga. Munda wawo ndi wachitsanzo, akuti mawa tiyambire kumeneko. Akuloza kamita: "Kali ndi khadi la chipani kameneka?" Akuseka okha, ine ndikuseka pambuyo.

Dothi lawo: 4.7. Ndikufotokoza mwaulemu kuti likuwawasa. Nkhope yawo yasintha.

"Dothi lowawasa? M'dziko lodzidyetsa lokha lino? Ndikanene kuti mwatero ndinu, kapena makinawa?"

Akufunsa nambala yabwino. Ndikuti 7. "Ndiye chunani." Nsonga ya mpeni pa kasikuruwu, ndikupotoza. 5, 6, 7. "Mwaona? Kamamva."

Ndimati ndibwezeretse akangochoka. Achoka nako! Akuti katundu wa boma agone pamalo otetezeka.

Loweruka

Anthu khamu. Amayi avala nsalu za chipani, akuvina. Kamita kakubwera m'mbale yovindikira nsalu yoyera ngati chopereka.

Munda wa a tcheyamani: 7.0. M'manja! Nthungululu!

Munda wa a Nachisale: 6.8. Ndikuviikanso. 6.8. Ndikuyang'ana kasikuruwu, a tcheyamani akuyang'ana ine. Mpeni uli m'thumbamu koma dzanja lakana.

Bwana akulemba m'buku: "Chiosya safuna laimu." Akundigwira chanza, akuti sanaonepo mlangizi wachangu chotere. A tcheyamani akulankhula mpaka dzuwa kupendeka za dothi lomvera.

Lamulungu

Kamita kabwerera. Nsonga ndi yonyowa, chivindikiro chili pamalo pake, kali pamthunzi. Zonse monga mwa pepala, tsopano pamene palibe wofunsa.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Potuluka a Nachisale akundidikira pakhomo, akupinda mawondo, akundipatira mtedza m'kansalu. Manyazi andigwira, maso ndikuyang'ana nsapato.

"Zikomo, bambo mlangizi. Akuti dothi langa lachira, laimu safunikanso. Ndiye mvula ikagwa ndibzale pomwe paja?"

A tcheyamani aima poteropo, akumanga chipewa panjinga.

Ndati inde, mayi. Pomwe paja.