Maso Awiri a Abiti Saidi

Amene akuti ndikunjenjemera ndani? Ndinu, achimwene a chipewa chofiira? Mwendowu ukuvina wokha chifukwa unazolowera kuponda kilatchi, si mantha ayi. Ine Che Kasimu wa ku Chinyonga, dalaivala amene ndinatsitsa lole yopanda mabuleki m'mapiri a ku Chikwawa uku ndikusenda nthochi, ndingaope kabandeji? Inde, akazi anga Abiti Saidi ali mkatimu. Ng'ala inawaphimba maso onse, dzulo adokotala apala lakumanja, m'mawa uno akulimasula, ndipo anesi anditulutsa ati ndachulutsa mafunso. Tasunthani pabenchipa ndikuuzeni kumene ndinachokera nawo maso amenewo. Wokayika akayike, koma Wallahi, kwa ine bodza lili ngati nyama ya nkhumba, sindiyandikira.

Tsiku la ukwati wathu, alamu anga Che Bwanali, aja amapha ng'ombe ku Chilobwe, anaimirira pagulu n'kugwira mlongo wawo pachibwano. "Alamu, taonani bwino," anatero. "Tikukupatsani munthu wa maso awiri. Mukadzatopa naye, mudzatibwezere ali ndi maso awiri omwewa." Mawu amenewa amanenedwa pamaukwati ambiri, anthu n'kuseka, n'kupita kukadya mpunga. Koma Che Bwanali sanaseke, ndipo munthu wonola mipeni m'mawa uliwonse akalankhula osaseka, mawu akewo umawasunga.

Ndiye titakalamba, mayiwa anayamba kudandaula kuti m'nyumba muli utsi pomwe palibe wasonkha moto. Mwana wathu Asiyatu, amene ndi nesi kunja uko, atamva anati, "Ababa, pitani nawo amayi akaone dziko maso asanatseke." Anatikonzera ulendo wa anthu olemera, wa kudziko lina lotentha kutsidya kwa nyanja yamchere, dzina lake ndikalitchula lilime limapindika. Masiku ena tikagone m'nkhalango, ena kugombe. Ku Chileka Che Bwanali anabwera kudzatiperekeza, anangoloza maso a mlongo wawo ndi zala ziwiri, kenako n'kuloza ine. Pomwepo ndinamanga nsonga ya chitenje cha mayiwa padzanja langa, chitenje chomwechi ndachipinda pamiyendochi, ndipo ngakhale m'ndege sindinamasule.

Mukumva? Nyumba ya alendo ya m'nkhalangomo anaimanga pamwamba pa mtengo, mtengo wake wautali moti titakhala pakhonde ndinaona phiri la Ndirande, ndinaona maminibasi akulimbirana anthu ku Limbe, ndinaona geti langa ku Chinyonga lili pululu mbuzi za aneba zikumaliza mpiru, ndiye ndinakuwa kamodzi kokha, aneba n'kutuluka kukatseka, mpaka lero amandifunsa kuti ndinabisala pati. Bedi lake linali lalikulu moti pakanapanda chitenjechi tikanasowana. Matawulo ankawapinda ngati mbalame, ukangotsegula zenera ankauluka, antchito n'kubweretsa ena osadandaula. Antchitowo analipo wotsegula chitseko, wopepesa ukayetsemula, ndi wina amene ntchito yake inali kungofunsa ngati wasangalala. Ine sindinasangalale ngakhale pang'ono. Chilichonse m'nkhalango imeneyo chinkafuna diso la munthu, nthambi zomwe, udzudzu waukulu ngati nkhanga, zinkhwe za milomo ngati pulayala, ndipo mayiwa ankangoti maso mwaa kuyang'ana zonsezo, osadziwa kuti mnzawo mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina masana kunabwera atsikana ovala zoyera, akumwetulira, ati amayi apite akawatikite thupi, koma amuna saloledwa. Ndinamasula chitenje chija monyinyirika. Ndinadikira panja ngati mmene ndikudikiramu, dikire, dikire, mtima unakana, ndinakankha chitseko, ndipo zimene ndinaona, abale anga, musadzazione: mayi a Asiyatu ali gone chagada, thupi lonse atalimata matope ngati nkhokwe, ali zii, ndipo pamene pamakhala maso pali tizidutswa tiwiri ta nkhaka! Ndisanakuwe n'komwe, pusi analowera pazenera, n'kutsomphola tinkhakato, panangotsala zikope zotseka, zosaphethira. Ndinati basi, maso apita ndi pusi, ndipo m'makutu mwanga ndinamva Che Bwanali akunola mpeni.

Ndinadumphira pazenera lomwelo, ndipo mtengo uja kutalika kwake, nthawi ya swala, pemphero lathu lija, inandipeza ndili m'malere, ndinaswali, ndinamaliza, ndikadagwabe, ndiye ndinagwira chingwe cholendewera, osadziwa kuti ndi nsato, ndinaipepesa, iyo n'kundiponyera kutsidya kumene kunathawira pusi, pusi n'kulumpha mtsinje, ine n'kutera pamsana pa ng'ona, ndinaigwira mphuno ngati giya, ndinaiponda m'nthiti, inanyamuka, tinapitirira bwato la azungu ojambula mbalame, tinakwera mathithi cham'mwamba madzi akutsika ife tikukwera, mpaka pusi uja ndinamupanikiza panthambi yomaliza ya nkhalango, kutsogolo kulibenso mtengo. Mukumva? Anatsegula pakamwa kuti ameze. Apo ndinagwada, ine munthu wamkulu, n'kuyamba kunenerera ngati tili mumsika wa Limbe. Wotchi anaikana. Nsapato anazinunkhiza n'kuzitaya. Analola nditavula kofiya, kachipewa kanga ka kumzikiti pa Ijumaa, ndipo mpaka lero m'nkhalango imeneyo muli pusi wovala kofiya, anzake amamupatsa salamu.

Ndinabwerera thukuta lili kamukamu, ndinabwezera tizidutswa tija pazikope, n'kutichotsa pang'onopang'ono. Maso anatseguka, onse awiri. "Bambo, mwatani wefuwefu chonchi?" anatero mayiwa, akuyasamula. Mukuti zinali nkhaka chabe, amayi inu a mwana kumbuyo? Nanga bwanji maso anatseguka nditabweza? Kandimverere anakanena za m'maluwa, inu kunalibe.

Kugombe tinapita pa kandege kotera pamadzi ngati bakha. Kumeneko zipinda anaziimika m'nyanja momwemo pamitengo, pansi pake galasi lokhalokha, moti nsomba zinkandiyang'ana ndikuvala, ndinachita kuyala mkeka chifukwa cha manyazi. Mchenga wake woyera ngati ufa wa pamphale. Chakudya chinkabwera usanachiganize, madzi a kokonati atavala kaambulera, ndipo munthu wina ankakutsatira ndi mthunzi pamanja. Ndinati apa ndiye ndipume, kulibe pusi. Ha! Anangobwera anyamata a pahotelopo ndi magalasi oonera pansi pa madzi, mayiwa n'kuti, "Ndikufuna ndikaone." Mayi amene kamtsinje ka Mudi kakadzaza sawoloka! Ndinakana, ndinachonderera, ndinatchula Che Bwanali, iwo anangomanga chitenje m'chiuno n'kundipatsa nsonga. Kusambira ndimatha, musandiyang'ane choncho, koma pamafunika wina wotsala pamtunda.

Analowa, nkhope m'madzi, ine ndili pamakwerero nsonga ndaikulunga padzanja. Ndiye nyanja ija inawaona maso amenewo, maso amene ine ndinawaona koyamba pampopi wa ku Naperi n'kuiwala kumene ndinaimika lole, ndipo nayo inawasirira. Ndinangomva chitenje chakungika. Nyanja inakoka, ine ndinakoka, inakokanso ndi mafunde aatali ngati nyumba zosanja za m'tauni, ine ndinaponda zidendene pansi monga ndinachitira ku Chikwawa kuja, matabwa anang'ambika, ndinalowa mumchenga mpaka m'mawondo, chitenje chinatamuka kuchoka pano mpaka ku Lunzu koma osaduka, poti n'chogula ku Limbe, alendo akukuwa, mipando ikuyandama, mikono yanga ikulira ngati zingwe za katundu, ndipo poti ine sindinasunthe, chinasuntha ndi chilumba, hotelo ndi mitengo yake yomwe, chinakhwekhwerezeka kuyandikira kuno kwathu, n'chifukwa chake pobwerera ndege sinachedwe. Ndinakuwa kuti, "Iwe nyanja, uli ndi nsomba zako zonsezo, ine ndili ndi mmodzi yekhayu!" Inachita manyazi, inasiya. Pitani mukaone, mpaka lero tsiku lililonse imathawa pagombe kubwerera m'mbuyo, ndiye kuti yandikumbukira.

Mayiwa anavuuka akuseka ngati kamtsikana, madzi ali chuchuchu, ati pansipo pali nsomba zovala bwino kuposa azimayi a pachinkhoswe, zachikasu, zamizeremizere, zina zopaka milomo. Kenako anakhala pamakwerero paja, anandigwira dzanja lotupa lija n'kuti, "Ndaona, bambo. Ngakhale atseke tsopano, ndaona." Pusi sanandiopse, nyanja sinandiopse, koma mawu amenewo anandilowa m'mafupa.

Titafika, ndinapita nawo ku Chilobwe tisanatsitse n'zikwama zomwe. Che Bwanali anawagwira pachibwano, anayang'ana ili, anayang'ana ilo, n'kuti, "Tikuthokoza, alamu." Koma utsi uja sunaleke. Unakula mwakachetechete, mpaka mayiwa anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu, mpaka kundizindikira ndi chifuwa changa chokha. Ndiuzeni, achimwene, ng'ala mungaigwire pati? Ilibe mchira, ilibe mphuno, sifuna kofiya. Ndinakoka nyanja ine, koma dzulo anangondipatsa chitenjechi m'manja, iwo n'kuwaveka chovala cha chipatala, chitseko n'kutsekedwa, mwana wa dzana wovala magalasi n'kulowa ndi kampeni kochepa ngati singano. Ndipo adokotalawo anena poyera kuti diso linakhalitsa, tiona likamasulidwa. Che Bwanali ali m'minibasi panopa, akubwera. Akalamba, mpeni anasiya, sindiwo ndikuwaopa ayi. Kungoti m'nyumba mwanga muli munthu mmodzi yekha amene ndikayamba kusimba nkhani amandiyang'ana cham'mbali, diso lokhalokha, ine n'kudziwa kuti pafika pochepetsa. Chaka chathachi ndasimba mmene ndingathere, ndawonjezera ng'ona, ndawonjezera nsato, osandiyang'ana. Nkhani zake sizikomanso.

Musandiuze zoti kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi, nkhonoyo si yanu. Bwanji akuchedwa chonchi? Amene analowa pambuyo pawo atuluka kale. Imeneyo si nsapato ya anesi? Ayi, ndi wokolopa. Mwendowu ukundinyenga bwanji lero.

Taimani. Chitseko chatseguka. Ndi amenewo, a mpango wobiriwirawo, anesi awagwira pamkono. Bandeji achotsa. Bwanji aima? Bwanji akuphethira choncho? Ndigwireni, achimwene, ayi, ndisiyeni, ndiima ndekha. Abiti Saidi! Ndili kuno, tsatani mawu anga. Ayi, taonani, awasiya anesi, akubwera okha, alambalala ndowa ya wokolopa ija! Akundiyang'ana. Cham'mbali.

Mwati bwanji, mayi? Ndavala malaya motembenuza? Msoko uli kunja, kolala ili mkati, ndipo ndachoka nawo ku Chinyonga chonchi, ndadutsa nawo Limbe yense? Ndipo bodza la pusi lija mumalimva muli mkati?

Mwamva nonse? Aona msoko! Kamsoko kakang'ono ngati aka, auona ali pakhomo paja! Inu mwakhala nane pabenchi pano m'mawa wonse, maso awiriawiri, osandiuza, mukungosekera m'manja. Sekani. Mukuganiza kuti munthu amene anakoka chilumba angasokoneze malaya chifukwa cha mantha? Ndinatembenuza dala, kuti ndiyese ntchito ya adokotala. Ndipo awa si misozi, ndi madzi a m'nyanja ija, amatuluka okha nthawi zina. Gwirani nsonga iyi, mayi, timange. Che Bwanali akafika muwauze kuti limodzi labwera, linalo ndikukalitenga.