Tchizi cha Nambewe pa Denga la Malata

Mpaka lero ndikamadutsa pa mjigo, amayi ena amayang'ana padenga la nyumba yanga n'kumatsinana. Ndimangowapatsa moni ngati sindikuona, koma chimene akukumbukira ndimachidziwa. Ndiye ndati bola nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa alamu anga akamaikamba amaithira mchere wambiri.

Ine ndine mlimi wa fodya ndi mtedza kuno kwa Chiosya, mkamwini m'mudzi mwa akazi anga, a Nambewe. Zaka zapitazi iwowa analowa gulu la amayi oweta mbuzi za mkaka, ndipo kumeneko anaphunzira kupanga tchizi. (Kwa inu amene simunachionepo: ndi mkaka woundana, wothira mchere, wobulungira ngati chikondamoyo, ndipo fungo lake silibisa kuti mwini wake ndi mbuzi.) Anthu m'mudzi anawaseka osati pang'ono. Ankati mbuzi ndi ya pa chinkhoswe ndi pa maliro, osati yokama. Tchizi choyambirira chinkakanika, agalu n'kumanenepa, koma Nambewe ankalawirirabe kukhola ndi kandowa kawo.

Kenaka mwayi unagogoda. Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo ku Boma anamva za tchizichi, ndipo analonjeza kubwera Loweruka kudzalawa. Akachikonda, azitenga sabata iliyonse. Nambewe anapanga ndi mtima wawo wonse, podziwa kuti limeneli ndi tsiku lotseka pakamwa onse owaseka aja. Sabata yomweyo foni inalira: mwana wathu Chisomo wapita kuchipatala ku Guilleme, nthawi yake yakwana. Mayi sangakhale pakhomo mwana ali pa matenda otere.

Ponyamuka anandipeza ndikumata kheni yothirira nazale.

"Bambo a Chisomo, mukundimva? Tchizi chili mu mtsuko muja. Inu ntchito yanu n'kuthira madzi pa mchenga, m'mawa ndi madzulo. Osavundukula."

"Ndamva, pitani bwino. Kodi ndine mwana ine?"

Mtsuko umenewu ndiwo filiji ya Nambewe, poti magetsi kwathu timangowaona ku Boma. Ndi mtsuko waung'ono wolowetsa mu waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowanso. Mphepo ikamawomba, m'katimo mumazizira bwino. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ine ndinkangoona madzi, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse akulimbana ndi chinyontho sagwirizana ndi madzi pafupi ndi katundu. Mtedza ukanyowa umachita chuku. Fodya akanyowa amawola. Ndiye tchizi n'chiyani kuti chikhale chosiyana?

M'mawa mwake ndinavundukula. (Inde, ndinauzidwa. Musandikumbutse.) Kansalu koyera kamene anakulungira tchizicho kanali konyowerera, ndipo kafungo kaja kanandiwomba m'mphuno. Ndinati eee, katundu wa akazi anga awonongeke ine ndili pomwepa? Ndinachitulutsa, n'kuchimanga bwinobwino mu jumbo kuti chinyontho chisalowe, n'kuchiika pamwamba pa kabati. Ndinadziona ngati mwamuna wanzeru kwabasi.

Pofika masana jumbo ija inali itachita thukuta m'kati, ndipo nditamasula, fungo linali ngati tonde walowa pa balaza. Apa munthu wamutu wabwino akanachibwezera mu mtsuko n'kukhala phee. Koma ine ndinati vuto lawoneka: chinthuchi sichinaume. Ndipo chosauma kwathu kuno mankhwala ake ndi amodzi, dzuwa. Ndinachiika pa lichero ngati mfutso, n'kukwera nacho padenga kuopa nkhuku.

Ndili pamwambapo, ndinamva mawu kuchokera ku nyumba yoyandikana nayo. Anali alamu anga, akulu awo a Nambewe, atakhala pakhonde akusenda mtedza.

"Alamu, mwayamba liti ukalipentala?"

"Ayi alamu, ndikungoona pamene pamadontha."

"Kudontha mu Okutobala muno? Chabwino, onani bwino."

Anapitiriza kusenda mtedza wawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mkamwini kufunsa mlamu wake za kasungidwe ka katundu wa m'nyumba mwake ndi manyazi, choncho ndinatsika n'kupita kudimba kukathirira nazale.

Pobwerera ndinaonera patali akhwangwala atachita msonkhano padenga langa. Ndinathamanga ndikukuwa, kheni ili m'manja, nkhwaira imodzi n'kutsala m'njira. Nditakwera ndinapeza mbali ina ya tchizi yajomphedwa, yotsalayo yafewa n'kumadontha mafuta kudutsa m'lichero mpaka pa malata otentha. Ndinaganiza kuti dzuwa lachuluka, chofunika ndi mthunzi ndi kamphepo, monga timachitira ndi fodya. Ndinachikulunga m'kansalu kaja n'kukachipachika pa mkangala m'chigafa.

Kutacha ndinapeza kansalu koyera kaja kada bii ndi nyerere, ndipo pansi pake khoswe anali ataboola n'kudya gawo lake. Ndinakutumula nyererezo ndikuyankhula ndekha ngati wamisala. Nzeru yomaliza inandibwerera: utsi. Nyama timawamba, mbewa timawamba, zimakhala miyezi osawonongeka. Ndinasonkha moto kukhitchini, n'kuika waya pa mafuwa, n'kusanjikapo chotsalacho. Sindinachedwe n'komwe, ndinangotuluka kukatola nkhuni zina. Pobwera chinali chitasungunuka n'kugwera m'phulusa. Chimene ndinavuula chinali kanthu kakuda, kokhwinyata, kofanana ndi sopo wakutha.

Apa ndiye nthabwala zinatha. Ndinaika kanthu kaja m'kambale, n'kukhala pa mtondo kambaleko kali m'manja, ndipo ndinachita mantha enieni. Sindinkaopa kukalipiridwa ayi. Ndinkaona Nambewe akulawirira kukhola m'nyengo yozizira, akupirira kusekedwa zaka zonsezi, ndiyeno Loweruka mlendo afike apeze phulusa. Adani awo onse analephera kuwagwetsa, wowagwetsa n'kukhala ine wa m'nyumba momwemo. Ndinayesa ngakhale kukama ndekha kuti mwina tiyambirenso, koma mbuzi ya Nambewe inandiyang'ana kamodzi, n'kuponda m'ndowa, n'kundisiyira chidindo cha chiboda pa ntchafu.

Lachisanu masana kabaza anaima pakhomo. Nambewe anatsika akululutira.

"Bambo a Chisomo, mwakhala agogo! Mwana wamwamuna, onse ali bwino!"

Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni, koma kumwetulira kwanga kunali kwa munthu wodwala dzino. Iwo anandiyang'ana, n'kulunjika ku mtsuko uja. Anapisa chala mu mchenga. Unali wouma ngati ufa. Sindinadikire kufunsidwa, ndinabweretsa kambale kaja n'kukaika patsogolo pawo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi tchizi chija, mayi. Ndimati ndichiteteze ku chinyontho."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza kuti njinga yanga inganyamule katundu wochuluka bwanji pobwerera kwathu. Kenaka anatulutsa mutu pakhomo.

"Akulu! Tabweretsani katundu uja."

Alamu anga analowa ndi beseni lovundikira. Atavundukula, munali tchizi zitatu, zoyera mbee, zozizira ngati zachokera m'chitsime. Ndinangokhala pansi pomwepo. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinapuma mpweya wokoma chotero.

"Nanga chimene ndinkasunga ine chija?"

"Chija chinali chokanika, ndinachulutsa mchere. Chabwinocho ndinasiya mu mtsuko wa akuluwa."

"Ndiye munandisiyiranji?"

"Bambo a Chisomo, ndakhala nanu zaka zingati? Si inu munathandiza maluwa anga ndi feteleza wa fodya mpaka kupsa? Ndikanapanda kukusiyirani chogwiragwira, mukanapita kukathandiza chenichenicho."

Alamu anga anali atagwira chitseko, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Anati masiku onsewo sanasowe wailesi, ankangokhala pakhonde n'kumaonera. (Ndi iwowa anafalitsa nkhaniyi pa mjigo, ndipo m'nkhani yawo akuti ndinagwa padenga. Sindinagwe. Ndinatsetsereka pang'ono.)

Loweruka mayi wa ku Boma uja anafikadi. Analawa, anatsinzina, analawanso, n'kunena kuti atenga zonse zitatu ndipo sabata yamawa atumiza munthu. Amayi amene ankaseka aja anali ataima chapatali, pakamwa pali pululu. Ponyamuka mlendoyo anafunsa kuti amasunga bwanji tchizi kutentha konseku popanda filiji. Ndinazyolika, ndikudikira kuti denga, akhwangwala ndi phulusa zitulukire poyera.

"Mtsuko ndi mchenga wonyowa basi," anatero Nambewe. "Othira madzi ndi bambowa, m'mawa ndi madzulo."

Alamu anga anatsokomola, koma Nambewe sanaphethire n'komwe. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chiboda cha mbuzi, chifukwa anandiveka ulemu umene sindinaugwirire ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaugwirira ntchito. M'mawa ndisanapite kumunda ndimathira madzi pa mchenga, madzulo ndimathiranso, ndipo chiguduli sichiuma. Kungoti nthawi zina, ndikaona Nambewe akulowera kwa akulu awo ndi beseni lovundikira, ndimadzifunsa ngati mu mtsuko umene ndimathirirawu mulidi kanthu. Koma kuvundukula ndiye ayi.