Raundi ya Naini Pamaso pa Apongozi

Mpaka lero, ku banja la amuna anga munthu akangotchula "raundi ya naini", onse amatembenukira kwa ine. Ena amatsokomola, ena amanamizira kukatunga madzi kukhitchini kuti akasekere komweko. Ndiye ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa alamu anga akamaifotokoza amathiramo mchere wambiri.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ndine mzimayi wokonda nkhonya. Osati kumenya ayi (ine ngakhale nkhuku ndimaopa kuzinga), koma kuonera ndi kupereka mapointi. Matendawa ndinawatengera kuntchito. Nditangofika kuno kunja, ku South Bend, ndinkagwira pa nyumba ina yosamalirako okalamba, ndipo mmodzi mwa odwala anga anali mdala wina dzina lake Harold. Manja ake ankanjenjemera moti cholembera sichinkagwirika. Pa TV pakakhala nkhonya ankandipatsa kope n'kumandiuza zolemba. Wapambana raundi, mpatseni teni. Waluza, naini. Wagwetsedwa pansi, mchotsereni ina, akhale ndi eyiti. Maraundi khumi ndi awiri akatha, mumaphatikiza zonse n'kuyerekeza ndi zimene apeza majaji atatu okhala m'mbali mwa bwalo aja.

Poyamba ndinkangolemba ngati kalaliki. Patapita miyezi ndinayamba kutsutsana naye, ndipo nthawi zina majaji ankagwirizana ndi ine osati iye. Harold atamwalira ndinagula kope langa. Amalawi anzanga a ku South Bend anandipatsa dzina loti Ajaji, ndipo ndisaname, dzinalo linandilowa m'mutu. Ndinayamba kulankhula pang'onopang'ono ndikamafotokoza za nkhonya, ngati dokotala akuuza achibale zotsatira.

Chaka china apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Zomba kudzacheza miyezi itatu. Anafikira kwa mwana wawo wamkazi, alamu anga a Ethel, amene amakhala ndi amuna awo a Mbewe ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mipikisano ya magalimoto, mu Indianapolis. Apongoziwo ndinali nditakumana nawo kawiri kokha, pa chinkhoswe ndi pa ukwati, ndipo maulendo onse awiri ndinali nditazyolika, osaona ngakhale mtundu wa tayi yawo. Kwa iwo ndinali chabe mayi a Tamanda, mzimayi waulemu amene anakwatiwa ndi mwana wawo. Ndinkafunitsitsa adziwe kuti m'mutumu muli kanthu.

Tsiku lina akulankhula ndi amuna anga pa foni ndinawamva akuti, "Ndamva kuti mayi a Tamanda ndi ajaji a nkhonya. Inenso ndimakondako pang'ono. Tidzaonere limodzi tione."

Mwayi unali pafupi. Loweruka lotsatira kunali nkhonya yolimbirana lamba kutsidya la nyanja, ndipo kuno imaoneka masana. Vuto linali loti ine ndi a Ethel tonse tinali pa shifiti. Tinagwirizana kuti a Mbewe airekode, tidzaonere pamodzi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Apongozi ndi amene anakhazikitsa lamulo: munthu asatcheke pa foni, munthu asafunse mnzake, aliyense asunge maso ake mpaka Lamulungu. Tonse tinavomera. Ine ndinavomera mokweza kuposa onse.

Lamulungu tinapemphera mapemphero oyambirira, kenako tinauyamba ulendo wa ku Indianapolis pa msewu wa 31. Amene anayendapo akudziwa mmene ulili: chimanga kumanja, chimanga kumanzere, maola awiri ndi theka. Munthu umayamba kuganiza zinthu zosayenera. Ine ndinayamba kuganiza kuti, nanga ndikakalakwitsa pamaso pa apongozi? Nanga ikakhala nkhonya yovuta ija imene ngakhale majaji amasiyana?

Ku Kokomo, tauni ya m'njira, amuna anga anaima kuti athire gasi m'galimoto. Ine ndinalowa m'chimbudzi, n'kukhoma chitseko, n'kutulutsa foni. (Inde, munthu wa kwaya, nditangochoka kumene pa mgonero.) Ndinadziuza kuti ndingoona ngati nkhonyayo inachitikadi, mwina inalephereka tikungovutikira ulendo. Ndinalemba mayina a anyamata awiri aja. Mutu wa nkhani yoyamba unalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: mwini lamba athana ndi mnzake mu raundi ya naini. Ndisanawerenge mzere wachiwiri, wina anagogoda pachitseko. Ndinabisa foni m'chikwama ngati yotentha, n'kutuluka ndikusamba m'manja kawiri.

Njira yonse yotsalayo ndinali ndikuyimba.

"Mwasangalala bwanji, mayi?" anafunsa amuna anga.

"Ulaliki wa lero unandigwira mtima," ndinatero.

Tinafika, ndinagwada n'kupereka moni kwa apongozi, tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi imene a Mbewe anakagula ku mashopu a ku Lafayette Road. Kenako tinasonkhana pabalaza. Apongozi anakhala pa mpando waukulu, ine pa kampando pambali, chitenje m'chiuno, kope pamwendo.

Anyamatawo analowa m'bwalo. Mwini lamba anali wamtali ngati mlongoti, kabudula wofiira. Wolimbana naye anali wamfupi, wojintcha, khosi losaoneka n'komwe. Tiziti Wamtali ndi Wamfupi. Munthu wanzeru akanangokhala chete n'kudikira. Koma ine ndinayang'anitsitsa TV ija, ndinapendeketsa mutu, n'kulankhula ndi mawu anga a udokotala aja.

"Mmene ndikuonera mapewa a wamfupiyu, sapitirira raundi ya naini."

Apongozi anatsitsa magalasi. "Mwaonera pa mapewa pokha, mayi a Tamanda?"

"Zimabwera ndi kuzolowera, Bambo."

"Chabwino. Ine sindidziwa zambiri, koma kamfupi kameneka kakundisangalatsa. Kali ngati kamunthu koti sikamva."

Ndinawamwetulira mwaulemu, kumwetulira kochitira munthu chisoni.

Raundi yoyamba inali yofanana, ongoyesana. Ndinapatsa Wamtali teni, palibe anadandaula. Mu yachiwiri Wamfupi analowa mkati, n'kuyamba kusinja nthiti za mnzake ngati akupuntha mapira. Maso anga ankaona bwinobwino kuti raundi ndi ya Wamfupi. Dzanja linalemba teni kwa Wamtali.

A Mbewe anasuzumira m'kope. "Alamu, mwalemba mbali yolondola?"

"Zija zonse zimagwera pa zigongono," ndinatero. "Majaji sawerengera zimenezo."

Yachitatu ndi yachinayi zinali chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Wamtali ankangobwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda zingwe. Ine ndinafotokozera anthu kuti imeneyo ndi nzeru, akumusiya mnzake adzitopetse yekha. Ndinatchulanso mawu angapo a Chingelezi amene ndinaphunzira kwa Harold, kuti nkhani ilemere. Amuna anga, amene nkhonya saidziwa ngakhale pang'ono koma amandikhulupirira pa chilichonse, ankangogwedeza mutu n'kumauza mlongo wawo kuti, "Mverani, awa amadziwa."

Mu raundi yachisanu, Wamfupi anaponya ya kumanzere imene inamveka mpaka pabalaza pathu. Wamtali anakhala pansi phwata, miyendo m'mwamba. Woyimbira anawerenga mpaka eyiti. A Ethel analumpha n'kutaya juwisi pa kapeti yawo yomwe.

"Waterereka," ndinatero ine.

Onse anandiyang'ana.

"Pakona pajatu panatayika madzi. Waterereka."

Pa TV anabwereza nkhonya ija katatu, pang'onopang'ono, mbali zosiyanasiyana. Tinaona tsaya likupindika, thukuta likuuluka. Apongozi anafunsa ndi mawu ofatsa kwambiri, "Mayi a Tamanda, mundiphunzitse. Kodi pa masewera amenewa, kumenyedwa nakonso kuli ndi mapointi ake?"

A Ethel anathamangira kukhitchini. Ine ndinayankha kuti nkhonya ndi yozama, imafuna kuona patali. Mumtima ndinkati, sekani, raundi ya naini ikubwera. Ndinkaonanso ubwino wake: munthu akamenyedwa chonchi kenako n'kupambana monga ndinalosera, apongozi akakafika ku Zomba akaiuza mpingo wonse.

Yachisanu ndi chimodzi, diso la Wamtali linayamba kutupa. Yachisanu ndi chiwiri linatsekeka. Yachisanu ndi chitatu anaithera akukumbatira mnzake ngati m'bale amene wamulandira pa bwalo la ndege. Ine ndinkangolemba teni, teni, teni, koma cholembera chinayamba kuterera m'manja.

Belu la raundi ya naini litalira, ndinaimirira. Ndinaiwala kuti pali apongozi. Ndinamanga chitenje, ndinayandikira TV, n'kulengeza kuti, "Tsopano penyani. Musaphethire."

Mphindi yoyamba inatha. Wamtali ankathawa mozungulira bwalo. Yachiwiri inatha. Ndinayamba kumukuwira. "Ponya! Ponya iwe! Nthawi yake ndi ino!" Anaponyadi kamodzi, inadutsa pamwamba pa mutu wa Wamfupi (sizinali zovuta, munthuyo anali wamfupi), ndipo anabwezeredwa zitatu za m'mimba. Belu linalira. Onse awiri anabwerera kumakona awo ali chilili.

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwina amawerenga maraundi mosiyana kumeneko," anatero amuna anga, pofuna kundithandiza.

Maraundi atatu otsalawo sindikuwakumbukira bwino. Ndikukumbukira wolengeza akuwerenga mapointi a majaji, onse atatu atapatsa Wamfupi, motalikira. Ndikukumbukira lamba akumangidwa m'chiuno mwake. A Mbewe anatenga kope langa n'kuphatikiza mokweza, ndipo zinapezeka kuti kwa ine Wamtali anapambana maraundi khumi. Kenako anatembenukira kwa apongozi. "Koma Bambo, inu ndiye muli ndi diso! Munanena pachiyambi pomwe."

"Aa, ndinangolota," anatero apongozi.

Pamenepo ndikanangoseka nawo, n'kunena kuti lero sizinayende. Zikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga panatseguka pokha.

"Sizingatheke! Pajatu foni inanena kuti wamugwetsa mu naini!"



"Foni iti, mayi?" anafunsa amuna anga. Kenako ndinaona nkhope yawo ikusintha. "Ku Kokomo?"

A Ethel anatambasula dzanja ngati mphunzitsi wolanda kakalata m'kalasi. Ndinawapatsa. Nkhani ija inali ikadali yotsegula. Anaiwerenga mokweza, kuyambira pa mutu mpaka m'munsi. Inalembedwa Lachinayi, masiku awiri nkhonya isanachitike. Anali mtolankhani wina akungolosera mmene ankaganizira kuti zidzathera. Ndinali nditaswa pangano, nditanamiza amuna anga za ulaliki, nditakana umboni wa maso anga maraundi khumi ndi awiri, zonsezi chifukwa cha munthu amene nayenso sankadziwa kanthu.

A Mbewe anaseka mpaka kugwada pa kapeti yonyowa ija. Ine ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Manyazi a kulakwitsa anali pang'ono. Chimene chinkandiwawa n'chakuti apongozi adziwa tsopano kuti mkazi wa mwana wawo ndi wakuba, ndiponso wakuba wopusa.

Patapita kanthawi amuna anga anasuzumira. "Bambo akukuitanani pakhonde."

Ndinapukuta manja, ndinatuluka, n'kugwada patali pang'ono. Dzuwa linali likadalipo, ndipo chakumpanda wa bwalo la mipikisano ya magalimoto kunkamveka kulira kwa injini. Apongozi anandiuza ndikhale pa mpando. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja. Anayang'ana kuchitseko kuti aone ngati kuli munthu, n'kutulutsa foni yawo m'thumba la jekete. Anaitsegula n'kundipatsa.

Panali chithunzi cha Wamfupi atanyamula lamba, ndi mapointi a majaji onse atatu.

"Nthawi ya zolengeza ku tchalitchi kuno imatalika," anatero motsitsa mawu. "Munthu umasowa chochita."

Ndinawabwezera foni ija.

"Kusiyana kwa inu ndi ine, mayi a Tamanda, n'kwakuti ine ndinawerenga mpaka m'munsi. Ndiponso sindinatchule raundi. Munthu ukaba mayeso sukhoza zonse, aphunzitsi amadabwa." Anabweza foni m'thumba. "Koma pamene munati waterereka paja, ndinatsala pang'ono kufa. Ndinachita kudziluma lilime."

Ndinayamba kuseka, iwonso anayamba, mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuwayang'ana apongozi anga m'maso. A Ethel atatulukira kudzafunsa chimene chikuseketsa, apongozi anawongola nkhope n'kunena kuti akundilangiza, atisiye.

"Ana angawa asadziwe," anandinong'oneza apongozi, a Ethel atabwerera m'nyumba. "Akuti ndili ndi diso. Zaka zonsezi sananenepo kuti ndili ndi chilichonse."

Mwezi wotsatira apongozi anabwera kudzakhala nafe ku South Bend. Tinaonera limodzi nkhonya zakale zambirimbiri, ine ndi kope langa, iwo ndi kumbuyo kwa envelopu, ndipo tinkakangana pa raundi iliyonse mpaka amuna anga kutisiya n'kukatchetcha kapinga. Zinapezeka kuti diso analidi nalo pang'ono, ngakhale ankakondera aliyense wamfupi.

Chinsinsi chawo ndinachisunga zaka zonsezi, ndikusenza ndekha mlandu wa anthu awiri. Sabata yatha ndinawaimbira ku Zomba kuwapempha chilolezo choti ndilembe. Anaganiza kaye, kenako anati ndilembe, bola ndisatchule dzina la mpingo.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira tsiku limenelo sindinasuzumirenso pa foni nkhonya tisanaonere. Ndinapirira kawiri. Masiku ano ndikalowa m'chimbudzi cha ku Kokomo, ndimayamba ndaona kaye tsiku limene nkhaniyo inalembedwa.