A Bwaloliti a pa Boda ya Mchinji

A Vitus Sakala sankagula ngakhale nkhuku asanadziwe kumene mlandu wake ukakambidwire. Wogulitsa akatchula mtengo, iwo sankanenerera ngati anthu ena. Ankaigwira nkhukuyo m'mapiko, n'kuiyang'ana m'maso, kenako n'kufunsa mwaulemu kuti ikadzuka ndi chitopa mawa nkhaniyo ikamvedwa pa bwalo liti, ndipo woweruza adzakhala ndani. N'chifukwa chake pa boda ya Mchinji, kuyambira osintha ndalama mpaka a kasitomu, dzina loti Vitus linaiwalika. Aliyense ankangoti a Bwaloliti.

Akazi awo, a Stelia, ankadziwa kumene matendawa anachokera. Atangokwatirana kumene, a Vitus ankagwira ntchito ya uejenti, yothandiza mathiraki kuwolotsa katundu. Tsiku lina panafika thiraki ya soya. Ogulitsa anali a ku Lilongwe, ogula a ku Lusaka, ndipo anasemphana pa nkhani ya sikelo. Awa anakasuma kwawo, awonso anakasuma kwawo, ndipo pepala la mgwirizano wawo silinanene kanthu za kumene mkangano ukathere. Thirakiyo inangoima pakati pa mageti awiri. Mvula inagwa, soya anamera n'kuboola tenti, mbuzi za mayiko onse awiri zinkabwera kudzadya popanda pasipoti. Dalaivala wake, munthu wa ku Kabwe, anadikira mpaka anaphunzira kusoka fodya, anafunsira mbeta ku Kapondo, ndipo ena amati mwana wake anayamba kukwawa maloya asanagwirizane khoti loyambira.

"Amati mlandu suwola," anatero a Vitus kwa akazi awo, "koma soya amawola."

Kuyambira pamenepo sanachirenso. Akafuna kukwera kabaza wopita ku Mwami, ankayamba afunsa mwini njinga kuti tayala likaphulikira tsidya lija akatsata malamulo a dziko liti. Ambiri akangowaona ankapalasa mothawa ngati aona apolisi. Kutchalitchi, pogawa maudindo a kwaya, ankaimika chala. Pa mpira wa akabaza a ku Mchinji ndi anzawo a ku Zambia anakaniza kuti mpira uyambe mpaka makaputeni onse atagwirizana munthu wodzathetsa mkangano wa chigoli. Anasankha mayi wina wogulitsa zitumbuwa, yemwe sankadziwa n'komwe kuti golo ndi mbali iti. Chigoli chokayikitsa chitalowa, mayiwo anagamula kuti popeza onse athamanga mofanana, agawane. Tsiku limenelo kwa nthawi yoyamba mpirawo unatha popanda wosokedwa pamutu.

Kunyumba nako kunalibe mpumulo. Ana akalimbirana bulangete, bambo awo sankafunsa wolakwa. Ankafunsa ngati anapangana kale wowaweruza, ndipo akapeza kuti sanapangane ankawabweza kuti akayambe apangana kenako adzakangane bwino. Pofika pomvana za woweruza, ana aja anali atafunda kale bulangete limodzi. A Stelia ankaseka nawo zonsezi, nthawi zina mpaka misozi. Sankadziwa kuti tsiku lina mankhwalawo adzamwa ndi iwo.

A Stelia anali wapampando wa kalabu ya alimi a mtedza ku Chiosya. Chaka china kunabwera mayi Millicent Zimba a ku Chipata, eni kampani yaing'ono yopanga chiponde, kudzapangana kuti azigula mtedza wonse wa kalabuyo. Anabwera ndi pepala lachingerezi la masamba ambirimbiri, ndipo alimiwo anaitana a Vitus kuti adzawerenge. Mkuluyo sanayang'ane n'komwe mtengo. Ananyowetsa chala n'kupita molunjika ku tsamba lomaliza, kumene anapeza kuti pakabuka kusamvana kulikonse nkhani ikakambidwa ku London.

Anavula magalasi n'kufunsa ngati pagulupo panali wina wokhala ndi m'bale ku London woti akafikireko. Mayi Millicent anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kuulula kuti pepalalo anachita kubwereka kwa mnzawo ndipo tsambalo anali asanaliwerengepo. Ndiye panayamba kukokana. Alimi ankafuna khoti la ku Mchinji, mayiwo ankafuna la ku Lusaka. Dzuwa litapendeka anagwirizana kuti asadzapite ku khoti lililonse, koma kwa mkhalapakati mmodzi, a Wilson Daka, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, wobadwira kuno koma wokwatira ku Chipata. Nkhani idzamvedwera ku Chipata komweko, ndipo chimene a Daka adzagamule ndicho chomaliza. Onse anasaina, a Vitus n'kusainira umboni, ndipo anamwa thobwa mosangalala.

Mtedza unakololedwa, unawoloka boda, kenako kunabwera foni. Mayi Millicent anati matumba ambiri ali ndi chuku, nkhungu ija yowononga mtedza, ndipo sawalandira. Ku Chiosya kunayaka moto. Thukuta la chaka chathunthu linali litatsekeredwa m'nyumba ya katundu ya dziko la eni, ana akudikira kubwerera kusukulu, ndipo maso onse anali pa wapampando. A Stelia anapeza loya n'kukasuma kukhoti la ku Mchinji, kwawo, kumene aliyense ankawadziwa.

A Vitus anawachenjeza pang'onopang'ono kuti njira imeneyo ndi yotseka, koma anayankhidwa kuti nkhani ya mtedza si ya zitumbuwa. Tsiku la mlandu loya wa mayi Millicent sanakambe za chuku n'komwe. Anangotulutsa pepala lija, n'kupempha kuti mboni imene inasaina iimirire. A Stelia anatembenuka n'kuwayang'ana amuna awo ndi diso lija limene ana ankalithawa. A Vitus anaimirira, anakonza jekete, n'kuvomera kuti dzanjalo ndi lawo, kuti panalibe wokakamizidwa, ndiponso kuti ndime imeneyo anaipempha ndi iwo omwe. A majisitireti ananena mwachidule kuti khoti silingalande nkhani imene eni ake anapangana kukaithetsera kwina. Anawauza kuti apite kwa a Daka.

Panja alimi ena ankanena mokweza kuti a Bwaloliti adyetsedwa chibanzi ndi anthu a ku Zambia. A Stelia analunjika kunyumba, ndipo atatseka chitseko anawatembenukira amuna awo.

"Bambo a Mwayi, lero mwandivula pagulu."

"Mayi a Mwayi, tsiku lija bwalo tinalisankha tonse tikuseka. Bwalo losankha munthu atakwiya kale limakhala lake yekha. Mnzakeyo sabwerako."

"Ndiye inu munakwatira pepala kapena ine?"

A Vitus anayankha kuti funso limenelo n'lolemera, ndipo asanaliyankhe kunali bwino agwirizane kaye munthu wolimva. Mbale ya pulasitiki inawadutsa pafupi ndi khutu. Masabata otsatira chakudya ankachipeza patebulo chovundikira, koma mawu ayi. Mkuluyo anaonda, ndipo pa boda anthu anadabwa kumuona akugula tomato osafunsa kanthu.

Pamapeto pake kalabu inapita ku Chipata monyinyirika. A Daka sanavale mkanjo kapena kukhala pampando wautali. Anapinda malaya, analamula kuti matumba onse atsegulidwe, n'kumanunkhiza, kuswa ndi kulawa mtedzawo thumba ndi thumba, mbali zonse zikuonerera. Anapeza kuti matumba ena anachokera kwa alimi amene anawaza madzi pa makoko kuti asavutike posenda, ndipo chuku chinayambira kumudzi komweko. A Stelia anawerama, pakuti mayina olembedwa pa matumbawo ankawadziwa. Koma a Daka anaimika maso kudenga n'kuwaonetsa onse malata obooka a nyumba ya katundu ya mayi Millicent, ndi mulu wa matumba amene anadonthedwa pansi pake. Anagamula kuti aliyense asenze wake: matumba oyambira kuvunda kumudzi abwerere kumudzi, ovundira ku Chipata alipiridwe pamodzi ndi abwino onse.

Tsopano inali nthawi ya mayi Millicent yofufuma. Anati akachita apilo, koma atapita kukhoti la kwawo, oweruza anawaonetsa tsamba lomwe lija ndi dzina lawo pansi pake, n'kudinda chigamulo cha a Daka. Pobwerera, minibasi ikuyandikira geti, a Stelia anazindikira okha kuti chikalata cha khoti la ku Mchinji chikanavutika kuwoloka pamenepo, ndipo mtedza wawo ukanamera ku Chipata. Sanawauze amuna awo kuti ankanena zoona. Zimenezo sanazinenepo mpaka kalekale. Anangowagulira chipewa chakuda pamsika n'kuwaponyera pamwendo. A Vitus anachiyesa, n'kufunsa kuti chikapezeka chothina akadandaule kwa yani, ndipo a Stelia anayesetsa kuti asaseke koma zinakanika. Chaka chotsatira mayi Millicent anabweranso ku Chiosya, malata atakhoma atsopano.

Matenda anawagwira a Vitus nthawi yokolola. Anayamba ndi kutopa, kenako miyendo inatupa, ndipo anawatengera kuchipatala cha tsidya lija chifukwa ndicho chinali pafupi. Anamwino ankawakonda. A Vitus anawafunsa tsiku lina ngati munthu wa ku Malawi womwalirira ku Zambia amakalowera pa geti la dziko liti kumwamba, n'kuwapempha kuti zikatero amutumize ndi mapepala okwanira. A Stelia anawakalipira kuti asiye zamasewera. Iwo anangowagwira dzanja, osalisiya, ndipo masana a tsiku lotsatira anapita mwakachetechete, osafunsa funso lililonse.

Maliro anachitikira kwawo ku Kapondo, ndipo anthu anachokera mbali zonse za boda. Panali makwaya awiri, ya kuno ndi ya ku Mwami, ndipo iliyonse inkafuna kutsogolera bokosi popita kumanda. Mawu anayamba kukwera. Kenako anthu anangopezeka akutembenuka uku ndi uku ngati akufuna wina, ndipo atazindikira amene ankamufunayo, mkanganowo unathera pomwepo. Makwayawo anayenda mophatikizana, nyimbo imodzi, matchulidwe awiri.

Masiku ano pa boda zinthu zimayenda msanga. Nkhuku zimagulidwa mosavuta, akabaza sathawanso munthu, ndipo mikangano imabuka n'kufika patali popanda woidula. A Stelia akadali wapampando, ndipo amawolokabe ndi mtedza. Chimene chimawavuta si usiku kapena tsiku la Mulungu ayi, koma nthawi imene chinthu choseketsa chachitika pamsika, iwo n'kuchisunga bwinobwino mumtima kuti akachifotokoze kunyumba, n'kukumbukira ali kale panjira.

Mwezi wathawu, akudikira kudinditsa mapepala, anaimitsidwa ndi dalaivala wina wa ku Ndola amene anali asanadutse njirayi kwa nthawi yaitali. Anawazindikira, anawapatsa moni mwansangala, n'kuthamangira ku thiraki yake. Anabwerako ndi kanyundo kamtengo kosemedwa bwino, konga ka majaji a pa kanema. Anati anakasemetsa yekha kwa mmisiri, ndipo wakhala akuyenda nako miyezi yonseyi.

"Ali kuti akuluakulu aja? Ndikufuna ndiwapatse ndekha, ndione nkhope yawo."

A Stelia anakalandira ndi manja awiri. Kanali kosalala, kolemera pang'ono, ndipo anadziwa nthawi yomweyo mmene mwini wake akanakagwirira, ndi mmene akanavutitsira nako anthu a m'nyumba ndi a kutchalitchi omwe. Dalaivala uja anali akumwetulirabe, akuyang'ana kumbuyo kwawo.

"Tiyeni tikhale kaye pamthunzi apo, achimwene," anatero a Stelia. "Mwachokera kutali."