Chizungu cha Nsomba Zitatu ndi Dengu

Lolemba

Mkamwini wanga Yonamu, chaka chachitatu pakhomo pano. Bwato limamuchititsa chizungulire. Khasu limamutulutsa matuza. Mbale yokha ndiyo simudwalitsa.

Kwamveka kuti ku siteshoni ya sitima ku Salima akufuna munthu wolemba katundu. Nyumba akupereka komweko. Komweko! Mzungu ayesa anthu Loweruka, ndipo akuti amakonda kufunsa mayina a mabuku a muofesi.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma mabuku amenewo ndinawasenza pamutu zaka zambiri ndili mesenjala. Ndimuphunzitsa ndekha. Achoke.

Lachiwiri

Pasileti sizikulowa. Akuti onsewo ndi mapepala basi. Ndatenga nsomba, poti ndi zokhazo zimene amaziyang'anitsitsa.

Listi: usipa. Tinthu tondandalika pamzere, lero tilipo, mawa wataya.
Rejisitala: kampango. Chibuku cholemera cha mayina a anthu. Sichichoka muofesi, monga kampango sachoka pansi pa nyanja.
Rekodi: chambo chowamba. Zimene zinachitika, zosungidwa kuti zisawole.
Invenitole: dengu lonse. Kuwerenga katundu yense amene alipo.

Wakhoza zonse zinayi! Kapena mwana wanga Esinati sanakwatiwe ndi chitsa ayi.

Lachitatu

Listi yadyedwa ndi mphaka. Ndinaiyanika padzuwa, ndikupeza timitu tokhatokha.

Ndamufunsa Yonamu kuti rekodi n'chiyani. Akuti, "Chokoma kwambiri ndi mutu wake, bambo."

Mkamwini samenyedwa.

Lachinayi

Rejisitala yayamba kununkha. Ntchentche za mudzi wonse zabwera kusukulu, osachedwa ndi imodzi yomwe. Amake Esinati akuti, "Chizungu chanucho mukaphunzirire kuseri kwa khola." Tasamukira komweko. Mbuzi zikumvetsera kuposa wophunzira.

Masana kwabwera alendo a kutchalitchi. Amake Esinati aphika rekodi osandifunsa. Ndadandaula. Akuti, "Inu mumati ndiwapatse chiyani, sileti?"

Yonamu wadya mutu uja.

Lachisanu

Rejisitala taikwirira. Tikubwereza ndi dengu lopanda kanthu.

Ndikati usipa, iye listi. Ndikati kampango, iye rejisitala. Bwino. Ndatembenuza. Rejisitala n'chiyani? "Kampango." Ayi, ntchito yake muofesi? "Ndiye kampangoyo, bambo."

Mayo ine! Nsomba zalowa m'mutu, mabuku atsala panja.

Nthawi yatha. Ndamubwereka jekete langa la umesenjala ndi nsapato. Mwina mzungu ayang'ana mabatani.

Loweruka

Wabwerako dzuwa lili pamutu, mano onse panja. Ndayamba kale kuganiza zoika maukonde m'nyumba mwake.

Nkhani yake nayi. Mzungu anafunsa rejisitala, iye kampango. Rekodi, chambo chowamba. Kalaliki womasulira anachita kugwira tebulo ndi kuseka. Mzungu sanaseke. Anafunsa kuti kampango wabwino amapezeka kuti, poti kukhitchini kwake amamubweretsera wowola. Yonamu akuti, "Apongozi anga ndiwo katswiri, bwana."

Ntchito yolemba katundu apatsa wina. Nyumba yapita ndi wina yemweyo. Yonamu wapeza yake: kukatula kampango kunyumba kwa mzungu kawiri pa sabata.

Nanga wokapha kampangoyo ndani? Ine!

Esinati akululutira. Akuti mwamuna wake walembedwa ntchito chifukwa cha Chizungu.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni kuti aphunzitsi. Amayi ena awiri apempha kuti ndiphunzitsenso akamwini awo. Ndawauza kuti mphaka wakhuta.

Yonamu wakhala benchi lakutsogolo, m'jekete langa. Akuti tsopano ndi la kuntchito, silingabwezedwe.

Invenitole ya pakhomo pano:
mphaka mmodzi, wonenepa
dengu limodzi
sileti
mkamwini mmodzi, yemwe uja

Mawa m'mamawa kunyanja ndi mbedza. Iye akuti akandidikirira kumtunda pamthunzi. Chizungulire.